Wailesi ya ku Japan, nyimbo za kwathu

Galimoto zambiri zimene zikuyenda muno mu Chipata zinayamba zatumikira kaye ku Japan. Zinatsika sitima ku Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Nakonde, ndipo zinatipeza zili ndi zonse zimene eni ake oyamba anasiyamo, kuphatikizapo wailesi. Chiongolero chili kumanja monga timafunira kuno, injini ilibe chifukwa, koma wailesiyo ndiye imakana kuzolowera. Muipotokole mpaka kumapeto, nambala imaima pa 90.0, kenaka n'kubwerera ku 76.0. Sikuti yafa ayi. Ku Japan nyumba zoulutsira mawu za FM zakhala zikuulutsa kuyambira pa 76 kufika pa 90, ndipo ndi mu 2014 pamene anawonjezera kufika pa 95. Ife kuno timayambira pa 87.5 n'kukathera pa 108. Mukaika manambalawa pamodzi muona kuti wailesi ya m'galimoto yanu ndi dziko la Zambia zimangokumana pa kampata kakang'ono, kuchokera pa 87.5 kufika pa 90.0. Kampata kameneka ndi kamene kamalamula nkhani yonse ya nyimbo m'galimoto zathu, koma ogulitsa zipangizo sakatchula pokulandirani ndalama.

Ine ndimayendetsa Spacio yakale, ya wailesi yokhala ndi kaseti ndi CD. Mkati mwa sabata ndimagula mtedza ndi soya m'midzi ya ku Katete ndi ya njira ya ku Lundazi, Loweruka masana ndimaphunzitsa kwaya kutchalitchi kwathu. Ntchito ziwirizi zimakumana m'galimoto, chifukwa ndi mmene ndimaphunzirira nyimbo zatsopano. Ndimajambula kwaya yathu pa foni, anzanga a makwaya ena amanditumizira zawo pa WhatsApp, ndiye ndikakhala panjira ndimatchera khutu kuti ndimve pamene ma tena aterereka kapena pamene ma besi amezedwa ndi amayi. Munthu amene akungofuna kuti ng'oma igunde ndi chitseko chinjenjemere sangavutike ndi zimene ndilembe pano. Ine ndimafuna kumva mawu anayi, aliwonse pamalo pake, ndipo n'chifukwa chake ndadutsa njira zonse zolowetsera nyimbo m'wailesi ya galimoto.

Chimene aliyense amayamba kugula ndi modyuleta. Ndi kachipangizo kotchipa kamene kali mbwee m'mashopu a ku Down Shops ndi pamatebulo a ku Kapata. Mumakabaya poyatsira fodya, kali ndi kagalasi koonetsa nambala, pobaya flashi, pena ndi polowetsa memori kadi, ndipo tatsopanoti tili ndi Bluetooth. Kwenikweni kameneka ndi kanyumba koulutsira mawu. Kamatenga nyimbo yanu n'kuiulutsa pa nambala imene mwasankha, ndi mphamvu yongokwanira mamita ochepa, ndipo wailesi ya galimoto imaigwira kudzera pa eriyo monga imagwirira nyumba ina iliyonse youlutsira mawu. Nyimbo imanyamuka pafupi ndi giya, kukalowera ku eriyo kunja, n'kubwereranso mkati pa waya. Ulendo wonsewo, pamene foni ndi wailesi zatalikirana ndi chikhatho chimodzi chokha.

Vuto ndi loti ma modyuleta amene amagulitsidwa kuno amaulutsa pa manambala athu, 87.5 mpaka 108, pamene wailesi yanu imathera pa 90. Mnyamata wogulitsa amakayesera pa wailesi yake ya m'shopu, kamaimba bwino pa 104, inu n'kulipira. Mukafika m'galimoto, zii. Anthu ambiri amabweza modyuleta ati ndi yakufa, chikhalirecho yangofunika kuitsitsa kufika m'kampata kaja. Ndipo m'kampatamo simuli nokha. Nyumba zoulutsira mawu zimene zili pansi pa 90 zili momwemo, komanso madalaivala onse a galimoto za ku Japan amene ali ndi modyuleta apanikizana momwemo. Tsiku lina ndinaima pafupi ndi siteshoni ya mabasi ndikudikira mzimayi wina wa kwaya, ndikumvetsera nyimbo ya Pasaka imene tinali kuphunzira. Takisi inangoima pambali panga, ndipo pakati pa vesi panalowa rumba ya ku Congo, gitala ili wee. Modyuleta ya mnzangayo inali yamphamvu kuposa yanga ndipo tonse tinali pa nambala imodzi. Atanyamuka, kwaya inabwerera. Ndikhulupirira kuti masiku ena zimachitikanso mbali inayo, kuti mnyamata wa takisi amadabwa ma alto a kutchalitchi kwathu akumulowera m'galimoto.

Ngati modyuleta ndiyo yokha imene mungathe, pali kachitidwe kake. Yambani mwaizimitsa, injini ikulira, muyende pang'onopang'ono pa wailesi kuchokera pa 87.5 kufika pa 90.0 kufunafuna pamene pakungomveka phokoso la shii lopanda mawu a munthu ngakhale patali. Pamenepo ndi pamene muike modyuleta, osati pa nambala imene munaipeza pogula, chifukwa imeneyo ndi imene aliyense waisiya. Ngati eriyo ya galimoto yanu ndi yokoka, ifupikitseni, kuti wailesi isamamve zakutali koma za pafupi zokha. Voliyumu ya foni isafike kumapeto, isiyeni pang'ono pansi, apo ayi mawu amang'ambika asanachoke n'komwe m'modyuleta, ndipo kukweza kapena kutsitsa pa wailesi sikungawasoke.

Ngakhale mutachita zonsezi, nambala yabwino ku Chipata si yabwino kulikonse. Msewu wa Great East wochoka kuno kupita ku Lusaka ndi wa makilomita pafupifupi 570, ndipo m'njiramo mumadutsa m'madera a nyumba zoulutsira mawu zosiyanasiyana. Pamene panali chete ku Katete mupeza pali munthu akulengeza za maliro mukamayandikira Petauke. Chodabwitsa n'choti modyuleta imaimba bwino kwambiri pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, m'mapiri muja mmene wailesi zenizeni zimasowa, chifukwa mulibe woipikisana nayo. Mukangodutsa Chongwe ndiye iwalani. Mu Lusaka kampata kaja n'kodzaza mpaka pakamwa.

Ndipo pali china chimene sindikondwera nacho. Pansi pa nyimbo iliyonse yodzera m'modyuleta pamakhala kaphokoso kosatha. Mu kalindula simungakamve, magitala amakaphimba. Koma kwaya ikafika poimba motsitsa, kaphokosoko kamakwera pamwamba pa mawu. Onjezani kuti soketi ya poyatsira fodya m'galimoto zakale ndi yolobodoka. Pa msewu wafumbi wa mabampu modyuleta imagwedezeka, magetsi n'kuduka kamphindi, ndipo zina zimayambanso nyimbo pachiyambi. Pali nyimbo ina imene ndinaloweza vesi yake yoyamba yokha pa njira yopita kumidzi ya kuseri kwa Chiparamba. A mabasi a Rosa ndi a mathiraki aziwerenganso pa paketi asanagule, chifukwa magetsi awo ndi a 24V pamene galimoto zazing'ono ndi za 12V, ndipo si modyuleta iliyonse imalandira onse awiri.

Ena amathetsa nkhani ya manambala poika kakonivata kumbuyo kwa wailesi, pakati pa waya wa eriyo ndi wailesiyo. Kamatsitsa manambala onse ndi mulingo umodzi, kaya ndi 10, kaya 14, kaya 18, malinga ndi mtundu wake, kotero kuti nyumba youlutsira pa 100 mumaipeza pa 90, pa 86 kapena pa 82. Kwa wofuna kumva nkhani ndi mauthenga pa wailesi za kuno, n'chinthu chothandiza. Kungoti mukaphatikiza ndi modyuleta muzichita masamu, popeza nambala ya pa modyuleta ndi ya pa wailesi sizifanananso.

Tsopano ndinene chimene ndinakhazikika nacho, ngakhale achinyamata amaseka. Ndi kaseti. Osati kaseti ya tepi, koma ija yokhala ndi kanthambo kotuluka pambali, kothera ndi pini yobaya pa foni. Mwana wa mlongo wanga anandipezera ku Kamwala ku Lusaka, chifukwa kuno zayamba kusowa. Maonekedwe ake ndi a kaseti wamba, ija kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, koma mukaitsegula mulibe tepi. Muli kamutu kachitsulo kofanana ndi kamene kali m'wailesi kowerengera tepi. Mukailowetsa, timitu tiwiriti timagundana mphumi. Nyimbo yochokera pa foni imasanduka mphamvu ya maginito pa kamutu ka m'kaseti, kamutu ka wailesi n'kuitola pomwepo, kuganiza kuti ndi tepi ikudutsa. Zili ngati anthu awiri onong'onezana pamaliro: za pakamwa pa uyu zikulowa m'khutu la uyu, wachitatu palibe chimene akutolapo. Takisi iime pambali, mudutse Petauke, mulowe mu Lusaka, palibe cholowerera. Mawu ake ndi oyera kuposa a modyuleta iliyonse imene ndinamvapo, ndipo ma besi a kwaya amamveka ngati amuna, osati ngati njuchi.

Muli timagiya tapulasitiki m'kasetimo, ndipo ntchito yake ndi kunamiza wailesi. Wailesi za m'galimoto zimayang'anira ngati timawilo ta kaseti tikuzungulira. Tikaima, zimati tepi yatha, n'kutembenukira mbali inayo kapena kulavula kaseti. Timagiyato timalumikiza mawilo awiriwo kuti azioneka ngati akukoka tepi. Tikalimba ndi fumbi, mumva wailesi ikungoti kha, kha, kutembenuka uku ndi uku osaimba. Mankhwala ake ndi kumasula tizomangira, kupukuta fumbi, n'kuona kuti tonse tikuzungulira mosavuta. Pena timagiyato timalira tokha, kaphokoso ka kwe-kwe kamene kamamveka galimoto ikaima, koma pamsewu matayala amakameza.

Musanaiweruze kaseti yotere, tsukani kamutu ka m'wailesi. Galimoto zimenezi zinabwera ndi litsiro la matepi a eni ake oyamba, ife n'kuwonjezerapo fumbi la mwezi wa September. Tengani kathonje ka pa kamtengo, mukanyowetse ndi spiriti, mupukute kamutuko mofatsa kudzera pakhomo pa kaseti, mudikire paume. Kusiyana kwake mudzakumva nthawi yomweyo. Ngati pa wailesi pali batani lolembedwa Dolby kapena NR, lizimitseni, chifukwa limadula mawu okwera pofuna kuchotsa phokoso la tepi, ndipo pano tepi palibe. Yesaninso mbali zonse ziwiri ndi batani lotembenuzira, nthawi zambiri imodzi imamveka bwino kuposa inzake. Chofooka chake ndi kanthambo. Kamathyokera mkati pamene katulukira pakhomo pa wailesi, ndiye mumayamba kumva sipika ya mbali imodzi yokha. Anyamata okonza mafoni amakalumikiza ndi kachitsulo kawo kotentha pa mtengo wochepa. Ziliponso za Bluetooth zopanda nthambo, zokhala ndi batire mkati, koma zimenezo ndi chinthu chinanso chofuna kutchaja, ndipo ine zotchaja zandikwana kale.

Pena anthu amandiitana kuti ndione wailesi yawo, ati kaseti ikukana kulowa. Ndikayang'ana ndimapeza kakhomo kakang'ono kolembedwa MD. Imeneyo ndi MiniDisc, kachimbale kamene Sony inatulutsa mu 1992. Ku Japan kanatchuka kwambiri, kuno sikanafike kwenikweni, ndiye kakhomoko kangokhala posungira marisiti. Za CD sindikhalitsapo. Fumbi ndi dzuwa zimazipha, pa mabampu zimadumpha, ndipo wailesi zakale zambiri siziwerenga CD yodzaza mafayilo a MP3, zimafuna yowotchedwa ngati CD wamba ya nyimbo, imene imangonyamula mphindi 80.

Amene wailesi yawo ili ndi kabowo kolembedwa AUX ndi odala, asavutike ndi zonse ndanenazi. Nthambo ya mapini awiri a 3.5 mm, kwina pa foni kwina pa wailesi, nkhani yatha, ndipo palibe njira yoposa imeneyi pa ndalama yochepa chotero. Yang'anani bwino, chifukwa m'galimoto zina kabowoko anakabisa m'kabokosi ka pakati pa mipando. Wailesi zina zilibe kabowo kutsogolo koma kumbuyo zili ndi soketi imene inali ya makina osinthira ma CD, ndipo pali timabokosi tobaya pamenepo totulutsa AUX kapena USB. Wamagetsi a galimoto wodziwa ntchito akhoza kukuonerani. Pogula nthambo werengani timizere takuda pa pini: tiwiri ndiye yoyenera, titatu ndi ya mahedifoni okhala ndi maikolofoni ndipo m'wailesi zina siikhala bwino. Chimene chimazunguza ambiri ndi kulira kwa mluzu kumene kumabwera mukamatchaja foni pa galimoto uku ikuimba pa AUX. Mukaponda mafuta mluzuwo umakwera, mukasiya umatsika. Ndi phokoso la alternator limene lapeza njira yozungulira kudzera pa chaja ndi pa nthambo ya nyimbo. Zulani chaja muone ngati silitha. Likatha, mwina musinthe chaja, mwina mutchaje pa power bank, mwina mugule kachipangizo kotchedwa ground loop isolator kamene kamalowa pakati pa nthamboyo. Zimachitikanso ndi kaseti yanga ija, choncho ndimanyamuka foni ili yodzaza.

Kunena za foni, ine nyimbo sindiziika pa foni imene ndimaimbira anthu. Ndili ndi kafoni kakale kamabatani, kopanda simu, kokhala ndi memori kadi ndi kabowo ka mahedifoni. Ameneyo ndiye Walkman wanga, ndiye iPod wanga. Sony inatulutsa Walkman mu 1979, Apple inatulutsa iPod mu 2001 n'kuisiya mu 2022, koma kuno chimene chinagwira ntchito imeneyo m'matumba a anthu ambiri ndi kafoni ka memori kadi. Batire yake imakhala masiku, palibe woimba foni pakati pa nyimbo, ndipo mabatani ake chala chimawapeza chokha maso ali pamsewu. Mafoni odula ambiri alibenso kabowo ka mahedifoni chiyambire pamene iPhone 7 inatuluka yopanda kabowoko mu 2016, ndiye eni ake amafunika kaadaputa kena pamwamba. Otsika mtengo amene tili nawo ambirife akadali nako. Zomvera nyimbo pa intaneti muli paulendo sindilimbikitsa. Netiweki imatha mukangopatuka pa tala, ndipo mabandulo si a masewera. Koperani muli kunyumba.

Flashi ili ndi nkhani zakezake. Wailesi zambiri za m'galimoto ndi ma modyuleta zimawerenga flashi yofomatidwa mwa FAT32, pamene flashi zoposa 32 GB zambiri zimabwera ndi exFAT. Munthu amagula yaikulu poganiza kuti wachita bwino, wailesi n'kulemba kuti mulibe kanthu. Ya 8 GB ndi yokwana. Nyimbo ya MP3 ya 128 kbps imadya pafupifupi 1 MB pa mphindi, kutanthauza kuti m'flashi yotereyi mumalowa maola oposa 100, okwana kupita ku Lusaka ndi kubwerako kangapo osabwereza nyimbo. Kenaka pali mtundu wa mafayilo. Mawu ojambulidwa pa WhatsApp amasungidwa mwa opus, mafoni ambiri amajambula mwa m4a, ndipo wailesi zambiri zimangowadumpha mafayilo amenewa mwakachetechete. Nyimbo za kwaya zimene amanditumizira ndimayamba ndazisandutsa MP3 pa kompyuta. Chinanso chimene chimapsetsa mtima munthu wa dongosolo n'choti zipangizo zotchipa sizitsata alifabeti kapena manambala amene mwalemba, zimaimba motsata mmene mafayilo analowera m'flashi. Mukafuna kuti nyimbo yolowera iyambe, yopereka ibwere pakati, yotulukira ithere, fomatani flashi n'kumakopera imodziimodzi.

Anyamata oika nyimbo m'flashi m'timashopu ta m'tauni amathandiza, ndipo ena amadziwa nyimbo kuposa owulutsa mawu. Koma kompyuta yolandira ma flashi a tauni yonse siisowa vairasi. Flashi imabwerako mafoda onse atasanduka ma shortcut, wailesi osaona kanthu. Flashi ya nyimbo ikhale ya nyimbo basi, osasungamo ma invoisi kapena zithunzi za ukwati. Ndipo nyimbo zotoleredwa uku ndi uku sizifanana kukwera kwake. Mumakweza kuti mumve yakale yojambulidwa motsika, yotsatira n'kukudzidzimutsani pa kona. Ndinenenso pano, monga munthu wodziwa mmene kwaya imasonkhera kuti ikalowe mu situdiyo: akamagulitsa nyimbo zawo pakhomo pa tchalitchi, gulani, ngakhale mnyamata wa pashopu angakupatseni ndi zina 200 pa mtengo wa botolo la chakumwa.

Bluetooth ndi yabwino, sindikana. Palibe nthambo, mukangolowa m'galimoto yagwira yokha. Koma kugwira yokhako ndiye msampha wake, chifukwa siisankha chotulutsa pa masipika. Mlamu wanga ali ndi Noah ya wailesi yatsopano. Mwezi wa February tinakwera tonse kupita ku Nc'wala ku Mtenguleni, kumbuyo kuli apongozi ake, amene ndi amayi anga, pamodzi ndi ana. Nyimbo inaduka, foni inalira, iye n'kudina batani la pa chiongolero mwachizolowezi. Mawu anadzaza galimoto yonse: "Bwana, ija ndalama mwati lini? Mwezi watha uja munati Lachisanu." Mlamu anati, "Ndikuyendetsa, ndikuimbirani," koma mwini ngongole anapitiriza mpaka kutchula ndi chiwerengero chomwe. Itaduka, m'galimoto munali zii mpaka amayi anatsokomola n'kufunsa mwaulemu wonse, "Bambo, kodi imeneyi ndi ya feteleza ija, kapena ndi ina?" Mlongo wanga sanalankhule kanthu, zimene zinali zoopsa kuposa funsolo. Chiyambire tsiku limenelo, mlamu akanyamula apongozi amabaya flashi.

Wailesi yake yatsopanoyo inabwera ndi phunziro lina. Amene anamuikira anadula mawaya a galimoto m'malo mogula pulagi yolumikizira, ndipo anapota pamodzi waya wachikasu ndi wofiira. Pa wailesi zogula padera, wachikasu umapita ku magetsi osazima a batire kuti wailesi isaiwale nthawi ndi manambala, wofiira umalandira magetsi pokhapokha kiyi akatembenuzidwa, wakuda ndi wa ku chitsulo cha galimoto. Mukaphatikiza awiri oyambawo pa magetsi osazima, wailesi siigona, imadya batire usiku wonse. Noah inayamba kufuna kukankhidwa m'mawa, mlamu anatsala pang'ono kugula batire yatsopano, mpaka wamagetsi wina anatsegula n'kupeza mfundoyo itakulungidwa ndi selotepi. Palinso nkhani ya kukula. Wailesi zogula m'shopu ndi za 180 mm m'lifupi, pamene bowo la m'galimoto zambiri za Toyota zochokera ku Japan ndi la 200 mm, ndiye popanda timapulasitiki totsekera m'mbali pamatsala mipata yolowera fumbi. Ndipo amene muli ndi wailesi zija za galasi lalikulu zolemba Chijapanizi, samalani pochotsa batire. Zina zikaduka magetsi zimakana kuyaka mpaka mutalowetsa chimbale kapena kadi ya mapu imene inabwera nayo, ndipo kawirikawiri kadiyo inatsala kutsidya kwa nyanja. Funsani za kadi imeneyi tsiku logula galimoto.

N'chifukwa chake sindithamangira kuchotsa wailesi imene inabwera ndi galimoto. Inapangidwa molingana ndi masipika ake, mabatani ake ndi akuluakulu, ndipo palibe wakuba amene angaswe galasi chifukwa cha wailesi ya kaseti. Zambiri zotchipa zowala mitundumitundu zimene anthu akuikamo zimalemba mphamvu zikuluzikulu pa bokosi, koma mukakweza pang'ono mawu amasweka, ndipo usiku magetsi ake amakuthobwani m'maso.

Wosankha nyimbo m'galimoto mwanga ndi amene wakhala kutsogolo. Si ulemu chabe. Apolisi ndi a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu, amagwira woyendetsa atagwira foni m'manja, ndipo kunena kuti mumangosintha nyimbo sikukupulumutsani. Kuposa apo, Chipata ndi tauni ya njinga. Pali njinga zonyamula anthu, zonyamula makala, zonyamula nkhumba yomangidwa pa keriyala, njinga zamoto zotulukira kumene simukuyembekeza, ndipo kunja kwa tauni kuli ngolo za ng'ombe zopanda nyali. Kuweramira pa foni kufunafuna nyimbo pa msewu wa ku Mwami madzulo ndi kuika moyo wa wina pachiswe. Voliyumu nayo ndimaisiya poti ndimve belu la njinga ndi kulira kwa galimoto yanga yomwe, popeza zambiri zimene zimawonongeka pansi pa Spacio zimayamba zadandaula kaye. Mai a kunyumba akakwera, amasankha za Chimalawi zimene anakula nazo, poti kwawo ndi kufupi ndi malire ndipo wailesi za ku Malawi zinali kumveka bwino m'mudzi mwawo. Ana amafuna zawo za pa foni, ndipo timagwirizana kuti zawozo ziyambe tikadutsa Msoro turn-off pobwerera. Tikanyamula anthu opita kumaliro palibe wobaya chilichonse, amayi amayambitsa nyimbo okha kumbuyo ndipo ena amalandira.

Pakali pano chondidetsa nkhawa ndi lamba wa mkati mwa makina a kaseti. Wayamba kutha mphamvu, moti m'mawa kukazizira, monga mmene kumachitira mu June ndi July, timawilo timachedwa kuyamba ndipo wailesi imalavula kaseti kawiri isanavomere. Wamagetsi wanga wa ku Kapata akuti ali ndi wailesi yakufa ya mtundu womwewu pansi pa tebulo, ndipo tikaitsegula mwina lamba wake akhala wamoyo. Akapezeka wophwetekanso, ndiyesa timalamba ta m'mawailesi akale a m'nyumba. Amene muli ndi wailesi ya kaseti yongokhala m'stoo, ngakhale yosayaka, musaitaye, ndiuzeni ndidzaione.